Ndinachotsa mayina onse, koma mnzanga wawazindikirabe mayi ena m'data yanga. Nditani?

Nasibeko_M:

Moni nonse. Ndikuchita digiri yachiwiri ya information systems, ndipo kafukufuku wanga ndi wa mauthenga a pa foni okumbutsa amayi oyembekezera tsiku lopita ku sikelo. Chaka chatha ndinacheza ndi amayi oposa 300 m'midzi ya mfumu yaikulu ina m'chigawo chapakati. Mayankho tinkalemba pa tabuleti ndi pulogalamu ya KoboToolbox. Pepala ndamaliza kulemba, koma magazini ya akatswiri yomwe tikufuna kutumizako imafuna kuti data, kutanthauza mayankho omwe tinatolera, iikidwe poyera pa intaneti, ena athe kuona ngati zomwe tapeza zili zoona. Aphunzitsi ondiyang'anira anati ndichotse mayina ndi manambala a foni, zotsalazo ndiike.

Ndinachotsadi zonsezo. Lachisanu usiku ndili pa laputopu kukonza fayiloyo, mnzanga wogona naye chipinda chimodzi anandibweretsera tiyi n'kuima kumbuyo kwanga. Kwawo ndi dera lomwelo. Diso lake linagwera pa mzere umodzi: dzina la mudzi, zaka 41, mimba yachisanu ndi chitatu, anaberekapo mapasa, bambo ali ku Joni. Anangoti, "Aa, awa si amake mapasa aja a kuseri kwa chigayo?" n'kutchula dzina. Anali omwewo. Madanga awiri kutsogolo kwake kunali yankho la funso loti kodi akumwa ma ARV. Ndinatseka laputopu msangamsanga, manja akunjenjemera. Mpaka lero sindinamufunse ngati anaona dangalo.

Mayi amenewa anandikhazika pa mphasa pakhonde pawo, anathamangitsa ana kuti akasewere kutali, n'kundiuza zinthu zomwe apongozi awo sadziwa. Tulo sindikuliona. Amene munadutsamo kale m'zoterezi, fayiloyi ndiichite bwanji? Kukana kuiika kungatanthauze kuti pepala langa silituluka.

Kalulu_wa_Data:

Achemwali, choyamba musaike fayiloyo paliponse mpaka mutaikonza, ndipo ngati ili pa fulashi kapena mu imelo ya wina, iitanitseni.

Zomwe zakuchitikiranizi zinachitikanso ku America mu 1997. Boma la Massachusetts linatulutsa mbiri ya kuchipatala ya ogwira ntchito m'boma litachotsa mayina, ndipo bwanamkubwa William Weld anatsimikizira anthu kuti palibe amene angadziwike. Latanya Sweeney, yemwe nthawiyo anali wophunzira ku MIT, anagula kaundula wa ovota wa mzinda wa Cambridge ndi madola 20. M'kaundulamo munali anthu asanu ndi mmodzi obadwa tsiku limodzi ndi Weld, amuna anali atatu, ndipo wokhala m'dera la ZIP code yake (nambala ya positi ya dera) anali mmodzi yekha. Anaipeza mbiri ya bwanamkubwayo n'kumutumizira ku ofesi. Pambuyo pake anawerengera kuti anthu 87 pa 100 alionse ku America angathe kudziwika ndi zinthu zitatu zokha: tsiku lobadwa, kaya ndi mwamuna kapena mkazi, ndi ZIP code. Ngati zili choncho m'mizinda ya anthu ambirimbiri, nanga m'mudzi wa mabanja 60 momwe aliyense amadziwa amene anabereka mapasa?

Chitani izi mawa lomwe. Sankhani madanga omwe munthu wa m'deralo angawadziwe popanda kufunsa: mudzi, zaka, ana angati, ntchito ya bambo, chipembedzo. Uzani pulogalamu yowerengera ya R kapena Stata, ngakhale Excel, ikuwerengereni kuti ndi amayi angati amene akufanana pa madanga onsewo pamodzi. Paliponse pomwe patuluke 1, ameneyo ndi munthu woti akhoza kulozedwa chala. Njira imeneyi ndi yomwe Sweeney ndi Pierangela Samarati anaitcha k-anonymity: mzere uliwonse ukhale ndi anzake ofanana nawo, ambiri amati osachepera asanu.

Ndiye muyambe kuphatikiza. Zaka 41 zikhale "35 mpaka 44". Mimba yachisanu ndi chitatu ikhale "zisanu kapena kuposa". Mudzi uchoke. Za mapasa ndi za ku Joni, ngati sizikulowa m'masamu a pepala lanu, zifufuteni. Samalaninso danga lija lomwe ofunsa amalembamo ndemanga zawo, chifukwa mumapezeka zinthu ngati "mkazi wa abusa" kapena "amagulitsa mandasi pa sukulu". Ndipo ngati munatenga GPS ya nyumba, imeneyo isatuluke n'komwe. A DHS, kafukufuku wa zaumoyo uja amachita ndi National Statistical Office ya ku Zomba, satulutsa malo enieni: amasuntha dontho mpaka makilomita 2 m'tauni ndi makilomita 5 kumudzi, ndipo mwa madontho 100 a kumudzi limodzi amalisuntha mpaka makilomita 10. Ndipo limenelo ndi dontho la dera lonse, osati la khomo la munthu.

Chenjezo limodzi: ngakhale amayi asanu afanane, ngati onse asanuwo ayankha kuti akumwa ma ARV, ndiye kuti chinsinsi chaululika basi. Yang'ananinso zimenezo.

MlangiziWakale:

Mwanawe, ine za makompyuta sindizidziwa kwenikweni. Ndagwira ntchito ya ulangizi wa zaumoyo kumudzi zaka zambiri ndipo ochita kafukufuku ngati inu ndawaperekeza ambiri pa njinga. Funso langa ndi limodzi. Pepala lija munawawerengera asanadinde chala linkati chiyani?

Ndikufunsa chifukwa ndinamvapo mobwerezabwereza mawu akuti "zonse zomwe mutiuze tisunga mwachinsinsi". Mayi wa kumudzi akamva zimenezo amamva kuti ndi inu, iyeyo, ndi Mulungu. Samva kuti mzere wake ukakhala pa intaneti mpaka kalekale pomwe mwana wa alamu ake amene ali ku koleji angauwerenge. Ngati simunawauze zimenezo m'Chichewa chomveka, ndiye kuti sanavomere, ngakhale chala chili papepala.

Ndinaona ndi maso anga mayi wina amene ankayenda mtunda wautali kukalandira mankhwala ku chipatala cha dera lina, kusiya chapafupi, kuti anthu a kwawo asamuone pa mzere. Buku lake la kuchipatala ankalisunga m'thumba la chimanga. Nkhani yake itatuluka, sinatuluke ndi akuba a pa intaneti ayi, inatuluka ndi munthu amene anajambula tsamba la kaundula pa foni n'kulitumiza pa WhatsApp kuti mnzake amuthandize kuwonkhetsa manambala a lipoti. Mayiyo anasiya kubwera miyezi ingapo. Tinachita kukamunyengerera kwawo.

Ndiye mnzanu uja mulankhule naye. Mumuuze mosapita m'mbali kuti zomwe anaona zisatuluke pakamwa pake. Manyazi anu ndi aang'ono poyerekeza ndi zomwe zingawagwere mayiwo.

Chisale_Stats:

Ndikugwirizana ndi achikulire pamwambapa, koma ndikufuna nditsutseko pang'ono maganizo oti njira ndi kungobisa kapena kuphatikiza chilichonse. A Kalulu, mukachotsa mudzi ndi GPS, mwachotsanso mtunda wopita ku chipatala, ndipo ndikukhulupirira kuti mtunda ndi chimodzi mwa zifukwa zazikulu zomwe mayi amajombera ku sikelo, meseji ibwere kapena isabwere. Munthu wofuna kutsimikiza pepala la achemwaliwa adzalephera.

Komanso ife ofufuza a kuno timadandaula tsiku ndi tsiku kuti data yotoleredwa m'midzi yathu imakathera pa makompyuta a kunja, ndipo wophunzira wa kuno akaifuna amauzidwa kuti palibe. Tikayamba kutsekera tokha zomwe tatolera, mng'ono wathu wa chaka chamawa adzapitanso kwa amayi omwewo ndi mafunso omwewo.

Pakati pali njira. Mtunda muuwerengere nokha, muuike m'magulu, monga "osakwana makilomita 5" ndi "kuposa pamenepo", GPS ikhale kwa inu. Poyera ikani fayilo yophatikizidwa, mafunso omwe munafunsa, ndi code yomwe munawerengera nayo. Fayilo yatsatanetsatane ikhale yopempha: wofuna alembe kuti ndi ndani, akufuna kuchita nayo chiyani, asaine kuti sadzayesa kuzindikira munthu kapena kuipereka kwa wina. A DHS amachita chomwecho, umalembetsa kaye n'kufotokoza kafukufuku wako. Zenodo, malo a pa intaneti osungirako data ya kafukufuku, nayonso imalola kuika fayilo yotsekedwa yoti mwini wake azivomereza yekha. Ngakhale mfundo za kagawidwe ka data zotchedwa FAIR za 2016, zomwe magazini ambiri amatsatira, sizinena kuti chilichonse chikhale poyera. Zimati data ipezeke ndipo njira yoipezera ikhale yomveka. Lemberani akonzi a magaziniyo, muwauze kuti muli nkhani ya HIV ya anthu a m'midzi yaing'ono. Si inu oyamba kuwauza zotero.

Kalulu_wa_Data:

A Chisale, pa mtunda mwanena zoona, ndavomera. Ndiwonjezere chomwe ndinaiwala. Kuyambira 2024 Malawi ali ndi Data Protection Act, ndipo oyang'anira lamuloli ndi MACRA. Nkhani za umoyo wa munthu zili m'gulu lofunika chitetezo chapadera. Achemwali, komiti yomwe inavomereza kafukufuku wanu, kaya ndi NHSRC, COMREC kapena ya pa sukulu panu, iuzeni mwa kalata zomwe mukufuna kuchita ndi fayiloyi musanaitulutse. Muiuzenso zomwe zinachitika Lachisanu. Ndikudziwa kuti n'zowawa kulemba.

Nasibeko_M:

Zikomo nonse, ndawerenga kangapo. Bambo Mlangizi, ndinakatenga fomu ija m'katoni. Ya Chingerezi ili ndi chiganizo choti data yopanda mayina ikhoza kugawidwa kwa ofufuza ena. Ya Chichewa, yomwe ndinamasulira ndekha ndipo ndi yomwe tinkawerenga pakhonde, imangoti "mayankho anu adzasungidwa mwachinsinsi ndipo dzina lanu silidzatchulidwa". Chiganizo chija ndinachidumpha. Ndikukumbuka kuti chinandivuta kumasulira ndipo ndinati ndidzabwererako. Kulakwa kumeneku ndi kwanga.

A Kalulu, ndawerengera monga munanenera. Ndi mudzi, zaka ndi chiwerengero cha mimba zokha, amayi oposa theka atuluka okhaokha, opanda mnzawo wofanana naye. Nditachotsa mudzi n'kuphatikiza zaka, atsala ochepa, ambiri mwa iwo ndi atsikana osakwana zaka 18 ndi amayi opitirira 40, omwenso nkhani zawo ndi zolemera kwambiri.

Mnzanga ndalankhula naye usiku wathawu. Wati dangalo analiona. Analira, n'kulonjeza kuti sauza munthu, ndipo ndamukhulupirira, koma kalata ya ku komiti ndalembabe ndipo zimenezi ndaziikamo. Aphunzitsi anga ndakawaonetsa mzere wa mayi aja dzina la mudzi nditaliphimba ndi chala, ndipo avomera kuti tilembere akonzi monga a Chisale anenera. Danga la ma ARV silituluka m'fayilo iliyonse mpaka komiti itayankha.

Chatsala ndi chakuti ngati komiti inganene kuti ndikapemphenso chilolezo, ndiyenera kubwerera ku midzi ija. Bambo Mlangizi, ndithandizeni: mawu oti "fayilo yomwe ofufuza ena angaipemphe" mungawanene bwanji kwa mayi amene foni yake ndi ya mabatani, kuti amvetse bwinobwino ndipo akhale womasuka kukana?