Tingamve bwanji maganizo a anthu ndi ophunzira pa ntchito za m'dera lathu?

Akuluakulu, ndigaireni nzeru. Ndili mu komiti ya chitukuko m'dera lina kuno ku Zomba, komwe nyumba zambiri mumakhala ophunzira a ku yunivesite ochita lendi. Tikufuna anthu apereke malikisi pa madzi a pa kiyosiki, kachotsedwe ka zinyalala, chipatala chaching'ono ndi chitetezo cha usiku.

Tikuganiza zotsatira njira ya community score card, imene bungwe la CARE linayambitsa kuno ku Malawi mu 2002. Amayi, abambo ndi achinyamata amakhala m'magulu awoawo n'kupereka malikisi, ogwira ntchitozo nawonso amadzipatsa awo, kenako onse amakumana n'kugwirizana zoyenera kukonza.

Pandivuta ndi pa ophunzirapa. Eni dera ena akuti anawa ndi alendo, pakatha zaka zinayi amapita, ndiye asatiuze zochita. Ine sindikuvomereza. Mtsikana wobwera ku laibulale usiku amaidziwa bwino njira yamdima kuposa ife amene timagona msanga. Komanso wophunzira sangadandaule za chimbudzi chodzaza pamaso pa mwini nyumba, amaopa kuthamangitsidwa.

Inu amene munachitapo zimenezi, ophunzira munawaika gulu lawolawo kapena pamodzi ndi achinyamata ena? Malikisi awo munawaphatikiza ndi a eni dera? Mafunso a pa WhatsApp angathandize, poti agogo ambiri alibe foni zoterezi? Nanga amfumu akhalepo nthawi yopereka malikisi, kapena tiwaitane pa msonkhano wa onse wokha?