Sorbitol ameneyu ndi chani, wawatsegula m'mimba bambo anga

Nachisale:
Abale ndithandizeni. Bambo anga ali ndi matenda a shuga ndiye achemwali anga a ku Joni anawatumizira maswiti aja olembedwa kuti sugar free, iwo poona kuti mulibe shuga anangokhala pakhonde n'kumamung'unya limodzilimodzi mpaka paketi yonse phyu, usiku wake sanagone, m'mimba kumangoti gudugudu, kuchimbudzi maulendo asanu. Ndawerenga kuseri kwa paketi ndapeza mawu akuti sorbitol, E420, ndiye chandiopsa n'choti mawu omwewo alinso pa chubu cha mankhwala otsukira mano kubafa kwathu. Zoona munthu angaike zotsukira mano m'maswiti a odwala?

Mphunzitsi_wa_Sayansi:
Pepani mayi, koma mtima ukhale pansi, si poizoni. Sorbitol ndi mwana wa glucose yemweyu. Amatenga sitachi ya chimanga, ya tirigu, ena ya chinangwa ngati ku Indonesia, n'kuiphwanya ikhale glucose, kenako amaithira m'thanki yotentha yokhala ndi presha yaikulu pamodzi ndi mpweya wa hydrogen, n'kuikamo nickel kuti afulumizitse ntchito. Glucose ndi C6H12O6, akatuluka m'thankimo wasanduka C6H14O6, kwangowonjezereka maatomu awiri a hydrogen basi. Koma kakusintha kakang'onoko ndi komwe kavuta bambo anu, chifukwa matumbo amamuyamwa pang'onopang'ono, wotsalayo akafika m'matumbo akulu amakoka madzi, mabakiteriya nawo amamuwoletsa n'kutulutsa mpweya. Ndi wachilengedwenso, ali m'maapozi ndi mapichesi, ndipo anamupeza koyamba mu 1872 ndi Mfalansa wina, Boussingault, m'zipatso za mtengo wotchedwa Sorbus, dzinalo linachokera pamenepo.

NesiWaKuMpoto:
Aphunzitsi anena zoona koma ine nkhawa yanga ili pa madalawo. Apatseni madzi ambiri ndi ORS, ndipo ngati amamwa mankhwala a shuga aja a metformin n'kumatsegulabe m'mimba mpaka mawa kapena afooka, musachedwe pitani nawo kuchipatala, munthu wa shuga akatha madzi m'thupi impso sizichedwa kuvutika. Chinanso muwauze bwinobwino kuti kulembedwa sugar free sikutanthauza kuti adye mmene angafunire ayi, chiwindi chimasandutsa sorbitol kukhala fructose, mtundu wina wa shuga, galamu imodzi ili ndi makalori pafupifupi 2.6 pomwe shuga wa mu tiyi ali ndi 4. Ku Ulaya lamulo limati chakudya chikapitirira 10 peresenti ya zotsekemeretsa za mtundu umenewu alembe pa paketi kuti kudya zambiri kumatsegula m'mimba, yang'ananinso mwina alemba timalemba ting'onoting'ono.

Achimwene_Jo:
Za mankhwala a mano zo ndiyankhe ine, ndinagwirako ntchito pa kafakitale kena ka mafuta odzola. Sorbitol ankabwera m'madiramu a buluu, manyuchi oyera mbee ngati madzi koma onanda, 70 peresenti sorbitol ena onse madzi, akakudonthera pa dzanja umangomata mpaka usambe. Ntchito yake ndi kugwira chinyontho, ndiye mukaiwala kutseka chubu usiku wonse m'mawa mankhwala aja sauma gwa ngati simenti, komanso amatsekemera pang'ono osaboola mano chifukwa tizilombo ta m'kamwa sitimugaya msanga ngati shuga. Ndiye si kuti aika zotsukira mano m'maswiti, chinthu chimodzi changolembedwa maganyu awiri.

Mphunzitsi_wa_Sayansi:
Maganyu ake ndi ambiri achimwene. Ine chimandisangalatsa ndi vitamini C, mapiritsi aja timagula tikagwidwa chimfine si a malalanje ayi, amayambira pa sorbitol. Tadeus Reichstein ku Zurich mu 1933 ndi amene anapeza njira yake, mabakiteriya amasandutsa sorbitol kukhala sorbose kenako mpaka vitamini C, lero wambiri akupangidwa ku China koma poyambira ndi pomwepo. Sorbitol yemweyo mukamuchotsa madzi kawiri amakhala isosorbide, komwe kumachokera mankhwala ena a anthu omva kupweteka pachifuwa chifukwa cha mtima.

Nachisale:
Zikomo nonse, mwandimasula. Anesi, chenjezolo ndalipezadi pansi penipeni pa paketi, timalemba toti bambo ndi maso awo aja sakanationa. Lero adya phala ndipo chitsegulireni m'mawa sanapitenso, koma metformin amamwadi ndiye ndikuwayang'anira. Paketi yachiwiri ndaitsekera mu kabati, ndiziwapatsa awiri patsiku.