Makabati a kukhitchini kwa amayi apendekeka

Chitsirizira: Mwaswera bwanji nonse. Makabati afika, koma pali nkhani. Kalipentala atawandanda kukhoma, ya kuwindo yakhala bwinobwino, ya kukhomo mwendo uli m'malere. Ndaika ndimu pamwamba, lagubuduzika mpaka kugwa.

Achemwali: Mayo ine, ndalama zonse zija! Wadula molakwika ameneyo.

Malume: Musamunamizire mwana wa eni. Pansi paja anapendeketsa dala ndi malemu bambo anu, kuti madzi okolopera azitulukira kukhomo. Ndinalipo, mchenga ndinkatuta ndine.

Achimwene ku Joni: Iwe, muuze asabowole khoma kaye. Levulo yake, chida choonera ngati chinthu chapendekeka chija, ndi yotalika bwanji?

Chitsirizira: Kakafupi, ngati mkono wanga.

Achimwene ku Joni: Kameneko pa khoma la mamita 3 kakunamizani. Kagule payipi yoonekera mkati ija, mamita 5. Muthire madzi, mpweya wonse utuluke, pasatsale kathovu. Wina agwire uku wina uko. Madzi amaima pa mlingo umodzi mbali zonse, ndiye mulembe ndi pensulo pamene aima, pakona, pakati, mpaka kukhomo. Kenako muyeze ndi tepi kuchoka pa zolembazo kufika pansi. Pamene patuluke nambala yaing'ono, pamenepo ndiye pokwera.

Chitsirizira: Tayeza achimwene. Pokwera ndi kuwindo. Kukhomo kwatsika ndi masentimita 4.

Achemwali: 4 yokhayo? Bwanji osangopinda katoni n'kulowetsa pansi, monga tinkachitira ndi tebulo lapabalaza?

Alamu: Pepani achemwali, ndilowererepo. Katoni ikanyowa kawiri yaphwa. Ngakhale timatabwa ta paini, pakhomo paja chiswe mukuchidziwa, chinamaliza felemu ya chitseko cha kubafa. Komanso bolodi ya makabatiwa ikamwa madzi imafufuma ngati buledi, isakhudze pansi m'pang'ono pomwe.

Achimwene ku Joni: Alamu anena zoona. Ndiponso 4 si yochepa. Zitseko zizitseguka zokha, madirowa azikakamira, madzi a pasinki azithamangira kukona. Mwala wa granite mukufuna pamwamba uja ukakhala popanda chochirikiza mofanana umasweka, makamaka pamene abowolera sinki. Kuno timaika miyendo yapulasitiki yopotokola, ya masentimita 15. Mumayambira pokwera, chifukwa kabati yotsika mutha kuikweza, koma yokwera simungailowetse m'simenti. Nditha kupatsira munthu wa pabasi Lachisanu.

Malume: Mphwanga, zapulasitikizo n'zabwino kwanuko. Kuno kunsi kwake kudzakhala mudzi wa mphemvu ndi makoswe. Awake kachiunda ka simenti m'mbali mwa khomalo, kuwindo kochepa, kukhomo kokhuthala, pamwamba pake pofanana. Makabati akhale pamenepo. Wokolopa akolope mmene angafunire.

Achemwali: Nanga simentiyo siichedwetsa? Paja chinkhoswe chili pa 20.

Malume: Sabata imodzi, akumathirira madzi m'mawa ndi madzulo. Mukathamangira kuika bolodi pa simenti yaiwisi, chinyezi chidzakulangani. Ayale pepala lapulasitiki lakuda pakati.

Achimwene ku Joni: Chabwino malume, ndagonja. Koma kachiundako atengere mzere wa payipi uja, osati kuyeza kuchoka pansi, apo ayi kapendekekanso. Makabati awalumikize okhaokha ndi masikuluu, nkhope zifanane, kenako ndiye awamangirire kukhoma. Am'mwamba atsatire mzere womwewo, asayang'ane siling'i. Pobowola alowe mu njerwa, osati m'dothi la pakati, ndipo apewe pamwamba ndi pansi pa soketi, mawaya amadutsa mmenemo.

Chitsirizira: Amayi ndawawerengera zonse. Akuti pansi pa amuna awo pasagumulidwe, kachiundako avomera. Koma akukana masentimita 90 amene kalipentala wanena, akuti iwo si wamtali ngati apongozi awo a ku Lilongwe, azikanda mandasi atakweza mapewa.

Alamu: Ndamva nawo amayi! Apatseni 85.

Achimwene ku Joni: 85 kuwindo ndi 89 kukhomo, pansi pakutsika paja. Sinki ndi pokandira zikhale chakuwindo.

Achemwali: Simenti thumba limodzi ndi pepalalo ndilipira ine, ndikutumizira pa Mpamba madzulo ano. Womanga ndi wanu achimwene.

Malume: Mchenga ulipo kuseri kwa khola, wotsala pomanga chimbudzi. Ausefe kaye, nkhuku zakhala zikupalasa pamenepo.

Chitsirizira: Payipi ija ndaipachika pamsomali madzi ali momwemo. Womanga akuti afika Lolemba 6 koloko.