Kamera yopinda ya 4x5 yoti ndizikwera nayo m'phiri: ndigule iti?

Wa_ku_Likhubula:
Moni abale. Ndakhala ndikujambula ndi filimu ya 35mm, koma chithunzi cha minda ya tiyi chikakulitsidwa, masamba onse amangokhala phala. Tsopano mtima wanga uli pa 4x5, filimu ya mainchesi 4 kwa 5 ija yolowetsa limodzilimodzi. Ndikufuna kamera yopinda, yoti ilowe m'chikwama pamodzi ndi juzi ndi kamba popita ku Chambe, pa phiri la Mulanje. Msuweni wanga abwera kuchokera ku Johannesburg mu Disembala, ndipo ndamusungitsa marandi 8,000. Linhof Technika musandiuze n'komwe, imeneyo ndimangoiona pa intaneti n'kumeza malovu. Ndaima pakati pa Crown Graphic yakale ndi Intrepid yatsopano.

MkuluWaLuchenza:
Achimwene, tengani Crown Graphic, mugone tulo. Kampani ya Graflex ya ku America idayamba kuipanga mu 1947, ya atolankhani, anthu osadziwa kusisita katundu. Ikapindidwa imakhala ngati kabokosi, lenzi ili m'kati momwemo, ndiye ngakhale mutaterereka pa matanthwe a njira ya Skyline yokwerera ku Chambe sizikhudzidwa. Musaisokoneze ndi Speed Graphic: iyo ili ndi shutter (chotsegula ndi kutseka kuwala) ina kumbuyo, yongokulemetsani.

Koma msuweniyo mumulangize bwino. Mvukuto wake, chikopa chopindikapindika chija, ndi pomwe pagona nkhani. Alowe m'chipinda chamdima, autambasule wonse, ayatse tochi m'kati. Akaona tinyenyezi m'makona, ndiye kuti waboola. Ine yanga yoyamba ndidagula kwa mkulu wina osayesa zimenezi, mafilimu 6 oyambirira onse adatuluka ndi chimzere choyera pakati. Atcherenso shutter pa sekondi imodzi n'kumvetsera. Ikamalira mokoka ngati munthu wa chifuwa, mafuta adauma, atsitse mtengo.

Nambewe_T:
Agogo a ku Luchenza anena zoona pa za mvukuto, koma pa kamerayo sindikugwirizana nawo, andikhululukire. Crown adaipangira munthu wothamangira nkhani, osati woima ola lathunthu kudikira dzuwa. Kumbuyo kwake sikutembenuka, ndiye kuti mujambule khoma la Chambe choimirira muyenera kugoneka kamera yonse chammbali pa tripod. Lenzi yomwe imabwera nayo kawirikawiri, Ektar 127mm kapena Optar 135mm, imangokwanira filimuyo ndendende. Mukaikweza pang'ono kuti nsonga ya phiri ilowe, makona amada.

Intrepid amaipanga ku Brighton, ku England, ndi pulayiwudi, ndipo siifika kilo imodzi ndi theka, pomwe Crown imapyola makilo 2. Kutsogolo kwake kumaweramitsika, ndiye mizere ya tiyi kuyambira pamapazi panu mpaka patsinde pa phiri yonse imaoneka bwino. Vuto lake ndi mphepo. Ndidaimika yanga pa Lichenya m'mawa wina wa Julaye, inkanjenjemera ngati tsamba la nthochi, mpaka ndidapachika chikwama cha miyala pansi pa tripod. Komanso imabwera yopanda lenzi. Muonjezere ya Fujinon W kapena Symmar-S 150mm, ndalama yotumizira ndi msonkho, marandi anuwo apelewera.

Wa_ku_Likhubula:
Zikomo achemwali. Apa ndiye thumba layankha lokha. Nanga filimu mumaitenga kuti?

Nambewe_T:
Yonse ndimachita kuitanitsa kunja. Yambani ndi Fomapan 100, ya ku Czech, bokosi la 50, chifukwa ndi yotsikirapo mtengo kuposa Ilford ndipo 10 oyambawo mudzaononga basi. Wina mudzaiwala kutseka lenzi musanasolole chotchinga filimu, wina mudzaulowetsa chagada. Msuweni abwerenso ndi ma holder, timabokosi tolowetsera filimu m'kamera, atatu a Fidelity kapena Lisco. Iliyonse imatenga mafilimu 2, ndiye zithunzi 6 pa ulendo, zokwanira ndithu. Mankhwala otsukira filimu, tengani Rodinal, botolo lake limakhala zaka osafa. Nsalu yofunda poyang'ana pagalasi la kumbuyo kwa kamera, pomwe chithunzi chimaoneka chozondoka, musataye nayo ndalama. Ine ndidasoka zitenje ziwiri, chakuda m'kati. Anyamata onyamula katundu amaseka akandiona nditafunda mutu masanasana, mpaka mmodzi nditamusuzumiritsa adafunsa chifukwa chomwe Sapitwa wazondokera.

MkuluWaLuchenza:
Mwana wanga Nambewe wandigonjetsa pa za makona, ndavomera. Chimodzi chomwe nonse simunatchule ndi nkhungu, osati ya pa phiri yokha. Chiperoni chikagwa sabata yathunthu, lenzi yosiyidwa m'chikwama imamera ulusi woyera ngati wa kangaude m'kati mwa galasi, ndipo ukakhalitsa umadya galasilo. Gulani kontena ya pulasitiki yotseka bwino, muikemo timapaketi ta silica tija timabwera m'mabokosi a nsapato, tizitenthetsedwa pang'ono tikanyowa. Msuweni aunikenso tochi mu lenzi asanapereke ndalama.

Wa_ku_Likhubula:
Ndamutumizira zonsezi pa WhatsApp. Crown Graphic, ma holder atatu, Fomapan ndi Rodinal ngati zotsala zilola. Lenzi ya 150mm idikire chaka chamawa. Wayankha kuti tochi ali nayo ya pafoni, koma sakudziwa kuti wogulitsa akamuona bwanji akamupempha kuti azimitse magetsi.