Batman wakale wa pa TV uja: ankachita dala, kapena ndalama kunalibe?

Wometa_Kapata

Muli bwanji nonse. Ndili ndi kashopu kometera ku Kapata kuno ku Chipata. Mlamu wanga anandiikira pa flash magawo a Batman wa 1966, uja wa Adam West, ndiye ndimaonetsa pa TV kuti odikira asamawodzere pa benchi. Koma zandibweretsera mkangano. Anyamata amaseka mpaka misozi, ati Batman wanji wopanda minofu, chovala ngati chogonera, ndipo akamenya munthu pamatuluka mawu oti POW! pa sikirini. Dzulo bambo wina wachikulire anapsa mtima, amvekere musaseke, amene anapanga izi anali akatswiri. Ndinatsala pang'ono kuwacheka khutu chifukwa ankangotembenuka kuti awayankhe anyamatawo makina ali m'mutu. Odziwa ndithandizeni: anthu aja ankadziwa kuti zikuseketsa, kapena ndi mmene nzeru ndi thumba lawo zinathera?

Aphunzitsi_Katete

Achimwene, bambo munatsala pang'ono kuwacheka khutuwo akunena zoona. Zinali zadala kuyambira tsiku loyamba.

Mkulu wa ntchito yonse anali William Dozier, munthu amene sankawerenga n'komwe timabuku ta zithunzi ta Batman. Atapatsidwa ntchito ndi pamene anagulako tingapo, ndipo atawerenga anaona kuti munthu wamkulu sangakhale pansi kuonera zimenezi pokhapokha utazikokomeza mpaka zisanduke nthabwala. Anatenga mlembi Lorenzo Semple Jr. kuti alembe magawo oyamba. Chinsinsi chake chinali chakuti ochita sewero asaseke ngakhale pang'ono. Tamuyang'anitsitsani Adam West akamalangiza Robin, mnyamata womuthandiza uja, kuti amange lamba m'galimoto pamene akuthamangitsa chigawenga. Nkhope ili gwa, ngati mkulu wa mpingo pamaliro. Mwana wa zaka 7 amaona ngwazi yeniyeni, bambo ake ali pambali akufa nazo kuseka.

Ife a kuno ku Katete siziyenera kutidabwitsa. Pitani ku Mkaika nthawi ya Kulamba mukaone gule akatuluka: ana amathawa ndi mantha enieni, koma akuluakulu amene akumva nyimbo ija amadziwa khalidwe limene likunyozedwa ndipo amaseka chamumtima. Bwalo ndi limodzi, oonera ndi amitundu iwiri. Anyamata anuwo akuganiza kuti akuseka opanga filimu, osadziwa kuti ndi mmene anawatcherera.

Zinayamba pa 12 January 1966 pa kanema wa ABC ku America, ndipo poyamba zinkaoneka kawiri pa sabata, Lachitatu ndi Lachinayi. N'chifukwa chake gawo lina limathera Batman ndi Robin ali omangidwa pa msampha, kuti mawa lake munthu asaphonye. Mawu aja amene amafunsa ngati apulumuke ndi a Dozier mwini wake. Zonse pamodzi magawo ndi 120, zinatha mu March 1968.

Makanika_wa_Mchini

Aphunzitsi anena za nzeru, ine ndinene za thumba. Amene akuti kunalibe ndalama ayang'ane galimoto ija. Si thupi la malata lokhomerera pa galimoto wamba ayi. Inali Lincoln Futura ya 1955, galimoto yachionetsero imene a Ford anapanga imodzi yokha, ndipo thupi lake linasulidwa pamanja ku Italy. George Barris anaigula pa dola imodzi, inakhala kuseri kwa garaja yake zaka zingapo, kenako anaisandutsa Batmobile m'masabata ochepa. Mu 2013 anaigulitsa pa okushoni ndalama zopitirira madola 4 miliyoni. Ine ndili ndi Corolla ya munthu yakhala pa matabwa kuyambira mvula ya chaka chatha, mwina nanenso ndiipente yakuda.

Pomwe anyamata anu akunena zoona ndi pa chaka chachitatu. Oonera atachepa, ndalama zinadulidwa, zinayamba kuoneka kamodzi pa sabata, ndipo mukaonetsetsa nyumba za zigawenga zilibe makoma, kumbuyo kuli bii, angoimika chitseko ndi masitepe basi. Koma kukwera khoma ndi chingwe kuja si umphawi, ndi luso la pa garaja lenileni: khoma analigoneka pansi, kamera n'kuipendeketsa, anthu akuyenda chowerama, mikanjo yawo atakoka ndi ulusi kuti izioneka ngati ikulendewera.

Kamnyamata_ka_Nabvutika

Akuluakulu, ndi ulemu wonse, musatinamize. Joker wake ndevu za pamlomo zikuonekera pansi pa penti yoyera. Zimenezo ndi luso? Amalume ometa akanamumeta ulere.

Mayi_Telala_Petauke

Mwanawe, ndevuzo waziona bwino. Cesar Romero, amene ankasewera Joker, anakana kumeta chifukwa ndi zimene ankadziwika nazo m'mafilimu kwa zaka zambiri, ndiye anangozipaka penti. Koma taganiza, anthu otha kugoneka khoma pansi akanalephera kupeza lezala? Anazisiya chifukwa m'sewero lotere palibe chimene zikanaononga.

Ine chimene ndimaonera ndi zovala, poti ndiyo ntchito yanga. Nthawi imeneyo TV za mitundu zinali zikungofala m'nyumba za ku America, ndiye anathira pepo, wobiriwira ndi wachikasu mosaumira. Suti ya Riddler yokhala ndi zizindikiro za funso ija anaipempha ndi Frank Gorshin mwini wake, amene ankasewera Riddler, chifukwa sankakonda chovala chothina chija. Ndipo a ku Kapata, ngati pa flash panu pali chaka chachitatu, fufuzani magawo amene Catwoman ndi Eartha Kitt, mayi wachikuda, mu 1967. Kuyankhula kwake kokha anyamata anuwo akhala chete.

Wometa_Kapata

Zikomo kwambiri nonse. Ndawawerengera anyamata zonsezi, theka avomera, theka akuti Batman weniweni ndi wa mawu a m'khosi uja basi. Koma lero kwachitika zina. Tinafika pa gawo lina, mwadzidzidzi wina anakuwa kuti uyo ndi Bruce Lee! Shopu yonse inaima, ngakhale amene ndinali nditamumeta mbali imodzi. Aphunzitsi, ndi iyeyo kodi?

Aphunzitsi_Katete

Ndi iyeyo. Dozier ankapanganso sewero lina la pa TV lotchedwa The Green Hornet, mmene Bruce Lee anali Kato, ndiye mu March 1967 analowetsa Green Hornet ndi Kato m'magawo awiri a Batman. Pa lachiwiri Kato amamenyana ndi Robin, ndipo opanga anakonza kuti pasapezeke wopambana. Muyambe mwazimitsa makina ometera musanaike limenelo, chifukwa amene tinakulira m'mavidiyo shoo sititha kuvomera kuti Robin angalimbane ndi Bruce Lee n'kutuluka ndi mano onse.