Akuti "mulibe mabuku" chonsecho mashelefu ali thoo: tiwaphunzitse bwanji kusaka?

Walaibulale, Chikwawa

Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Ophunzira a chaka choyamba pakoleji pano akapatsidwa asayimenti amafika pa kauntala n'kunena kuti "madamu, muno mulibe mabuku a mutu umenewu," pomwe mabukuwo alimo. Pa kompyuta amalemba funso lonse monga analembera aphunzitsi, katalogi (mndandanda wa mabuku a m'laibulale) n'kuyankha kuti palibe, iwo basi agwa ulesi, n'kukatola za pa intaneti zosadziwika mwini wake. Sabata yoyamba timawazungulitsa m'laibulale n'kuwauza malamulo, koma sizikulowa. Tsopano ndapatsidwa maola awiri pa kalasi iliyonse. Kalasi imakhala ya ana pafupifupi 60, makompyuta oyenda ndi 8, mabuku tinasanja motsatira manambala a Dewey, amene amaika mabuku a nkhani zofanana pamodzi, katalogi ndi ya pa pulogalamu ya pa kompyuta yotchedwa Koha. Za magetsi ndi netiweki mukudziwa kale mmene zilili kuchigwa kuno. Maola awiriwa ndiwagawe bwanji?

Mkulu wa laibulale wopuma, Nchalo

Mayi, musanaloze ana chala yambani mwayesa nyumba yanu. Tolani mitu 20 mwachisawawa mu katalogi, mupite nayo ku mashelefu. Kenako tolani mabuku 20 pa shelefu, muwasake mu katalogi. Akasowa oposa awiri kapena atatu mbali iliyonse, ndiye kuti anawo akunena zoona, ndipo kuwaphunzitsa kusaka kungowakhumudwitsa. Zikatero yambani ndi kuwerenga mashelefu, buku ndi buku, munthu mmodzi mashelefu ochepa m'mawa uliwonse musanatsegule. Buku loikidwa pamalo olakwika n'chimodzimodzi lotayika.

Zozungulitsa zija zisiyeni. Pagulu la anthu 60 amene akumva ndi asanu a kutsogolo, enawo akungoona misana ya anzawo. Cholinga chikhale chimodzi: aliyense atuluke atagwira buku limene walipeza yekha, kuyambira pa katalogi mpaka pa shelefu.

Pamene ambiri amasochera ndi pa kadontho ka nambala ya Dewey. Mwana amawerenga 372.35 ngati kuti 35 ndi wamkulu kuposa 4, ndiye amakaisaka kutsogolo kwa 372.4 ndi 372.7, pamene ili kumbuyo kwake. Chimodzimodzi 631.587, ya ulimi wothirira: imabwera 631.6 isanafike. Auzeni kuti kadontho kakadutsa tiyerekeza nambala imodziimodzi, 3 ndi 4, 5 ndi 6, osati zonse pamodzi. Koma kuuza kokha sikukwanira. Dulani makatoni, mulembepo manambala 12 a mabuku enieni a m'laibulale mwanu pamodzi ndi zilembo zitatu za dzina la wolemba. Ana 12 anyamule, aime pamzere molingana ndi mmene mabukuwo angakhalire pa shelefu, otsalawo aziwakonza. Mphindi 15 zimakwana, ndipo sipafunika magetsi.

Mphunzitsi wa zaulimi, Ngabu

Bambo anena bwino, koma vuto la mayiwa likuyambira kumbuyo, buku lisanasakidwe n'komwe. Katalogi siyankha funso ngati munthu. Imafuna kuti mawu onse amene walemba apezeke mu mbiri ya buku limodzi, kutanthauza zimene zinalembedwa mu katalogi za bukulo. Ukalemba mawu 15 a funso la asayimenti, kuphatikizapo "discuss" ndi "effects," palibe buku lingakhale nawo onse, ndiye imabweza ziro.

Chitani izi pa bolodi. Tengani funso lenileni, mwachitsanzo lokhudza mmene madzi osefukira amasokonezera ulimi wa chimanga ku Chikwawa. Ana achotse mawu onse olamula, patsale mitu itatu: madzi osefukira, chimanga, malo. Jambulani mizere itatu, pansi pa mutu uliwonse alembe mawu ena a Chingerezi otanthauza zomwezo, poti katalogi ndi ma journal (magazini a kafukufuku) ali m'Chingerezi. Mzere woyamba flood, flooding, cyclone, disaster. Wachiwiri maize, corn, crops, food security. Wachitatu Chikwawa, Lower Shire, Shire Valley, Malawi, southern Africa. Mu katalogi ya mabuku ayambe ndi mawu awiri okha, ndipo akhale otakata, monga floods Malawi. Buku lonse lokamba za chimanga ndi madzi osefukira ku Chikwawa kokha mwina kulibe, koma chaputala chake chilipo m'buku la mutu waukulu. N'chifukwa chake akafika pa shelefu azitsegula zamkatimu ndi indekisi ya kumapeto asanalibweze. Ana ambiri indekisi saidziwa n'komwe ntchito yake.

Mzere wa malo ndi umene umatipweteka ife akuno. Ena amalemba Chikwawa, ena Chikhwawa. Zolembedwa zakale zimati Nyasaland, ndipo Nsanje ankaitcha Port Herald. Buku la Elias Mandala la 1990 la mbiri ya chigwa chino pamutu pake pali "Lower Tchiri Valley," moti wosaka Shire yekha akhoza kulidutsa. Wosaka za chilankhulo ayese Chichewa, Chewa, Nyanja ndi Chinyanja, komanso Sena ndi Mang'anja padera.

Mkulu wa laibulale wopuma, Nchalo

Ndionjezepo pa za achimwenewa. Mutu umodzi sukhala pa shelefu imodzi. Madzi osefukira monga ngozi yogwera anthu ali ku 363.3493, monga nkhani ya mitsinje ali ku 551.489, pomwe za kumanga madaiki zili ku 627.4. Malungo monga matenda ali ku 616.9362, koma kafalidwe ndi kapewedwe kake ku 614.532. Mwana akapeza buku limodzi labwino, ayang'ane asanu a kumanzere ndi asanu a kumanja, kenako abwerere ku katalogi akadine mawu a mutu amene ali pa mbiri ya bukulo kuti amutengere ku mashelefu enawo. Ndipo matani kapepala kumapeto kwa shelefu ka manambala amene akuno amafunsa kawirikawiri: thonje 633.51, nzimbe 633.61, ng'ombe 636.2, mbuzi 636.39, mbiri ya Malawi 968.97.

Wa makompyuta, Nsanje

Achemwali, ku mbali ya Koha onani zinthu zitatu tsiku la phunziro lisanafike.

Mukalowetsa buku latsopano koma osapezeka posaka, kawirikawiri n'chifukwa chakuti chosanja indekisi imene Koha imasakiramo chinaima magetsi atazima mwadzidzidzi ndipo sichinadzukenso. Yesani: lowetsani buku limodzi, dikirani mphindi zochepa, lisakeni ku OPAC, tsamba la katalogi limene ana amasakirapo. Likapanda kuoneka, amene amasamala seva ayendetse lamulo la koha-rebuild-zebra ndi -f kuti indekisi imangidwenso yonse, ngati Koha yanu ikugwiritsa ntchito pulogalamu yosakira ya Zebra. Seva ikhale pa UPS (batire yogwirizira magetsi akazima), ngakhale yaing'ono yongopatsa mpata woti muizimitse bwinobwino.

Chachiwiri, mbiri ya buku imene ilibe kope lake. Wolowetsa analemba mutu ndi wolemba koma sanaonjeze item, yomwe ndi kope lenilenilo, ndiye mwana amaona buku koma nambala ya pa shelefu palibe. Mbiri ya buku mu Koha ili ndi magawo a manambala, ndipo nambala imene mwana amaona imachokera pa gawo 952, kagawo ka o, osati pa gawo 082. Chachitatu ndi gawo 650, pamene amalembapo mawu a mutu, osonyeza nkhani imene buku likukamba. Ngati olowetsa ankadumpha mawu a mutu pofuna kufulumira, bukulo limapezeka pokhapokha mawu osakirawo ali penapake mu mbiri yake, monga pa dzina lake. Simungakonze onse, koma yambani ndi a pa shelefu ya za Malawi, ndipo pa gawo 653 mutha kuikapo mawu akuno ngati Lower Shire, Nsanje, Elephant Marsh.

Ana aphunzitseninso kuwerenga mzere wa pansi pa mbiri ya buku: kaya buku lilipo, labwerekedwa, kapena ndi losatuluka nalo, komanso kaya lili ku refarensi kapena ku mabuku obwereka maola ochepa kuseri kwa kauntala. Ambiri amakopera nambala yokha n'kukazunzika ku shelefu yaikulu pomwe buku lili kumbuyo kwanu.

Mphunzitsi wa anamwino, Nsanje

Za ma journal musaziphatikize ndi mabuku m'ola limodzi, zimasokoneza. Kusiyana kwake ana akumve kaye: katalogi ya Koha imasonyeza zimene zili m'nyumbamo, siisaka nkhani za m'kati mwa ma journal. Zimenezo zili ndi makomo akeake.

Malawi ali m'gulu la mayiko amene amalowa ulere ku Research4Life, khomo la pa intaneti lowerengera ma journal, bola koleji ikhale yolembetsa. M'menemo muli Hinari ya zaumoyo, AGORA ya zaulimi, OARE ya zachilengedwe, ARDI ya sayansi ndi luso, ndi GOALI ya zamalamulo. Funsaninso ngati koleji yanu ili membala wa MALICO, mgwirizano wa malaibulale a m'Malawi, poti zina zimadzera kumeneko, ndipo zambiri mwa izo zimatsegula pokhapokha munthu ali pa netiweki ya pakoleji. Mwana akayesa pa bandulo ya foni yake amauzidwa kuti alipire, n'kuganiza kuti mwamunamiza. Zosafuna pasiwedi ziliponso: PubMed ya zaumoyo, DOAJ ya ma journal aulere, ERIC ya zamaphunziro, ndi AJOL, kumene kuli ma journal a mu Africa kuphatikizapo Malawi Medical Journal. Pa ERIC pali timabokosi tiwiri pansi posakira, kena kosankha zounikidwa ndi akatswiri, kena kosankha zimene zilipo zathunthu. Achonge tonse tiwiri.

Mizere itatu ija ya aphunzitsi a ku Ngabu ndi imene imasanduka chosakira. Mawu a mzere umodzi amalumikizidwa ndi OR, mizere yosiyana ndi AND, zilembo zazikulu. Mawu awiri oyendera limodzi atsekeredwe m'zizindikiro za mawu ogwidwa, monga "Lower Shire", kupanda kutero mudzalandira za madera a ku England. Kanyenyezi ka kumapeto, monga irrigat*, kopezera mawu onse oyamba choncho, kamagwira pa PubMed, koma Google Scholar, yosakira zolemba za kafukufuku, sikadziwa. Zotsatira zikachuluka onjezani mzere, zikachepa chotsani wa malo kapena kwezani kuchoka pa Nsanje kufika pa Malawi.

Mphunzitsi wa zaulimi, Ngabu

Amayi, pamenepo ndisiyana nanu pang'ono. Ndi makompyuta 8 ndi netiweki yathuyi, kuyamba ndi Research4Life kudya nthawi yonse pa kulowa kokha. A chaka choyamba ayambe ndi Google Scholar, poti imatsegula ngakhale pa foni yotsika mtengo. Aphunzire zinthu zitatu: PDF ya kumanja, "All versions" pamene pamabisala kope laulere, ndi "Cited by" yopezera kafukufuku watsopano wotchula nkhaniyo. Za namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 kapena Ana wa mu Januwale 2022 simungazipeze m'mabuku ambiri a pa shelefu, koma kumeneko zilipo, bola achepetse zaka kumanzere kuja. Research4Life ibwere pamene nkhani yapezeka koma ndi yotseka.

Mphunzitsi wa anamwino, Nsanje

Pa kuyambira ndavomera, bambo. Koma Scholar imasakaniza tirigu ndi mankhusu, ma journal ongolipiritsa osaunika amapezekanso momwemo. Ndiye pakhale lamulo lakuti asanadawunilode awerenge chidule, aone chaka, dzina la journal ndi kumene olemba amagwira ntchito. Alembe pomwepo wolemba, chaka, mutu, voliyumu, masamba ndi DOI (nambala yozindikiritsa nkhaniyo pa intaneti), chifukwa kuzifuna usiku wa tsiku lopereka asayimenti ndi kumene kumabala maumboni opeka. Pasiwedi ya Research4Life ndi ya ophunzira ndi ogwira ntchito pakolejipo basi. Isamatidwe pakhoma, isaponyedwe m'magulu a WhatsApp. Ikafalikira kunja akhoza kutsekera koleji yonse.

Walaibulale, Chikwawa

Zikomo kwambiri nonse. Ndikuganiza zotere: mphindi 20 kuphwanya funso pa bolodi, 15 za makatoni, kenako ndigawe kalasi pawiri. Theka lipite ku katalogi ndi ku mashelefu mphindi 40, theka lina likhale pa za ma journal pa mafoni, kenako asinthane. Aliyense apereke kapepala kolemba buku limodzi ndi nkhani imodzi. Ndichite sabata yoyamba yomweyo?

Mkulu wa laibulale wopuma, Nchalo

Ayi mayi, sabata yoyamba mitima ili ku malo ogona ndi fizi. Dikirani asayimenti yoyamba ituluke, mugwirizane ndi mphunzitsi wake kuti funso la pa bolodi likhale lomwelo, ndipo kapepala kaja kakhale ndi malikisi ngakhale awiri. Theka lanu ndi ana 30 pa makompyuta 8, ndiye anayi pa kompyuta, ndipo wogwira kiyibodi azisinthana, apo ayi wozolowera mmodzi achitira onse. Gulu lililonse lipatsidwe mutu wakewake kuti asakaunjikane pa shelefu imodzi. Mabuku akatha kuwaona asawabweze okha, aunjike pa tebulo mubweze ndinu. Ngati ndi mu Okutobala kapena Novembala, pemphani maola a m'mawa. Ikakwana 11 koloko chipinda cha makompyuta kuno sichikhalika, ndipo makina enieniwo amayamba kuzima okha ndi kutentha.

Wa makompyuta, Nsanje

Takhuta, bambo. Achemwali, konzekeraninso kuti magetsi angathe pakati pa phunziro. Ku Reports mu Koha tulutsani mndandanda wa mabuku wokhala ndi nambala, mutu ndi wolemba, musindikize makope anayi kapena asanu a magawo amene kalasiyo ikufuna okha, osati laibulale yonse. Dawunilodaninso PDF ziwiri kapena zitatu pa laputopu yotchaja kuti muonetse chidule ndi DOI popanda intaneti. Potsegula mndandandawo mu Excel, mzere wa manambala muuike ngati Text musanaulowetse. Mukapanda kutero 004 ya makompyuta isanduka 4, 020 isanduka 20, ndipo ana adzasaka manambala amene pamsana pa buku palibe.