Pempho la uphungu pa zipangizo zotsika mtengo za wophunzira wosaona

Akuluakulu nonse, ndikupempha nzeru kwa inu amene mumaphunzitsa ana osaona kapena mumagwiritsa ntchito zipangizo zawo. Mwana wa mlongo wanga wasankhidwa kupita ku Fomu 1. Braille, zilembo za timadontho zowerenga ndi zala, amaidziwa bwino, koma amalemba ndi sileti ndi kachitsulo kobowolera mapepala, ndipo popeza njirayi imafuna kubowola kadontho kalikonse pakokha kuchokera kumanja kupita kumanzere, mphunzitsi amafufuta pabolodi mnzake womuwerengera asanafike naye pakati. Makina a Perkins olembera Braille pasukulupo ndi ochepa moti ana amachita kulandirana, ndipo atsopano sitingawakwanitse.

Ndalama zomwe tasonkha pabanja zingagule chinthu chimodzi chokha. Ena akuti tigule laputopu yakaunjika n'kuikamo NVDA, pulogalamu yaulere yowerenga mokweza zomwe zili pakompyuta. Ena akuti foni ya Android ndi yokwanira chifukwa TalkBack, pulogalamu yowerenga mokweza zomwe zili pafoni, salipiritsa. Ineyo mtima uli pa Orbit Reader 20, kachipangizo kotulutsa zilembo 20 za Braille pamzere umodzi, chifukwa mwana wongomvetsera amaiwala kalembedwe ka mawu, pomwe mayeso a MANEB adzafuna kuti alembe yekha.

Kodi alipo amene wayesapo kuwerengetsa NVDA kapena TalkBack nkhani za Chichewa, ndipo katchulidwe kake kamamveka? Nanga Orbit Reader ikawonongeka, alipo okonza m'Malawi muno, kapena imachita kutumizidwa kunja? Ndingayamikirenso kumva kwa amene anaphunzira ku koleji ya Montfort ku Nguludi, yophunzitsa aphunzitsi a ana aulumali, kapena a bungwe la anthu osaona la Malawi Union of the Blind ngati pali njira yobwerekera zipangizozi, makamaka yoganizira sukulu zomwe magetsi amathimathima.